Mboni kapena Chigamba? Ndemanga pa Ntchito Yokonza Mawu Ojambulidwa Amene Adaonongeka

1. Chiyambi

Mapulogalamu a pakompyuta okonzera mawu ojambulidwa afika m'manja mwa pafupifupi aliyense wofufuza ziyankhulo. Amachotsa phokoso, amatseka mipata pamene tepi idathetheka, ndipo amaongola liŵiro losokonekera. Opanga ake amatcha zonsezi ndi dzina limodzi, kubwezeretsa. M'ndemanga ino tifuna kutsutsa dzinali, pakuti likubisa ntchito ziŵiri zosiyana. Ina ndiyo kukonza motsata umboni umene uli m'chojambulidwa chomwecho. Ina ndiyo kusokerera chigamba pamene umboni udatayika. Wofuna kungomvera angalandire zonse ziŵiri. Wofuna kuyesa ndi kuŵerengera sayenera kutero.

2. Phunziro la ku Paris

Pa 9 April 1860, Édouard-Léon Scott de Martinville wa ku Paris adajambula nyimbo ya Au clair de la lune ndi makina ake otchedwa phonautograph. Makinawo ankangolemba mizere yokhotakhota pa pepala lodetsedwa ndi mwaye; sankatha kubweza liwu. Popeza ankapukusidwa ndi dzanja, liŵiro lake silinali lofanana. Motero pambali pa mzere wa liwu Scott adalembetsanso kunjenjemera kwa kachitsulo kamphanda kamene kamalira pa liwu limodzi losasintha. Kachitsuloka ndiko kadali mboni yake.

M'chaka cha 2008 gulu la First Sounds, mothandizana ndi akatswiri a ku Lawrence Berkeley National Laboratory, lidasandutsa mizereyo kukhala mawu omveka, ndipo lidaongola liŵiro motsata mboni ija. Kudamveka liwu lokwera, longa la mtsikana kapena mayi. Koma m'chaka cha 2009 ofufuza omwewo adazindikira kuti adamva molakwa chiŵerengero cha Scott. Iye adalemba 500, koma ankaŵerenga kupita payekha ndi kubwera payekha, kotero kuti m'kaŵerengedwe ka lero ndi 250 pa sekondi. Nyimboyo idaseŵeredwa mofulumira kaŵiri. Atatsitsa liŵiro, mtsikana uja adasanduka mwamuna woimba pang'onopang'ono, mwina Scott mwini wake.

Ena amaitchula nkhaniyi monga manyazi a akatswiri. Ife tikuiona mwa mtundu wina. Cholakwacho chidapezeka chifukwa pepala loyamba lidalipo losakhudzidwa, mboni idalipo, ndipo njira imene adatsata idali yodziŵika. Kukonza kotere kungalakwe, koma kungatsutsidwe ndi kuongoledwa.

3. Chigamba ndi Chicheŵa

Ntchito yachiŵiri ilibe chitetezo chimenechi. Pulogalamu ikapeza mpata, imayang'ana mawu a kutsogolo ndi a kumbuyo kwake, nkulosera zimene zikadakhala pakati. Ikapeza phokoso, imachotsa chilichonse chofanana ndi phokosolo. Mapulogalamu atsopano, ophunzitsidwa ndi mawu a anthu ambirimbiri, amafika popanga liwu latsopano lokoma m'khutu. Tsono tiyeni tione zimene zingagwere chiyankhulo chathu.

Choyamba, m'Chicheŵa kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanitsa matanthauzo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma pakamwa amasiyana. Mneni wakuti ndimathandiza anganene za chizoloŵezi cha masiku onse kapena za ntchito imene inkachitika kale, malinga ndi phatikizo limene liwu lakwerapo. Ngati mpata wagwa pa phatikizo lomwelo, pulogalamu idzasalaza mzere wa liwu kuchokera uku kufika uko. Wofufuza akauyesa ndi Praat, pulogalamu ya Paul Boersma ndi David Weenink a ku Amsterdam, adzapeza nambala zooneka bwino, koma adzakhala akuyesa malingaliro a makina, osati pakamwa pa woyankhula.

Chachiŵiri, kusiyana kwa pala ndi phala kwagona pa kampweya kotsatira p. Kwa makina, kampweyaka ndi kaphokoso chabe, kofanana ndi kusosoma kwa tepi yakale. Wochotsa phokoso mopyola muyeso angafupikitse kampweyako, ndipo wina pambuyo pake adzalemba kuti anthu a dera lakuti ankatchula ph mofooka. Bodza lotere silioneka, chifukwa chigamba chasokedwa ndi ulusi wofanana ndi nsalu.

4. Zoyenera kuchita

Sitikunena kuti mapulogalamuŵa atayidwe. Nyimbo zimene Hugh Tracey adajambula m'Nyasaland m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, zosungidwa ku International Library of African Music pa yunivesite ya Rhodes, zimakondweretsa omvera ambiri zikamveka bwino, ndipo nkoyenera kutero. Koma chokonzedwera wailesi kapena kalasi sichiyenera kuloŵa m'buku la galamala ngati umboni.

Bungwe la IASA, loona zosunga mawu ndi zithunzi, limalangiza kuti kope losungidwa litengedwe monga lilili, popanda kulikometsa. Pamwamba pa langizoli tiwonjezapo atatu. Wofufuza anene poyera pulogalamu imene wagwiritsa ntchito ndi zimene wasintha. Malo onse osokereredwa aikidwe chizindikiro, ndipo asaŵerengedwe poyesa. Pomaliza, wojambula lero asiyire a m'tsogolo mboni monga adachitira Scott: alembe makina, tsiku, malo ndi dera la woyankhula.

Amene akukonza madikishonale ndi malamulo a kalembedwe adzadalira kwambiri mawu a akuluakulu amene adatisiya. Iwo sangabwerenso kudzatiuza kuti sadatero. Mpata wosiyidwa poyera umauza wofufuza kuti apa sitidziŵa, ndipo iye amapita kukafunsa kwina. Mpata wotsekedwa mwaluso umamuuza kuti wadziŵa kale.