Amisiri a njinga zamoto zakale

BMW R100RT ikangolizidwa, masilinda ake awiri otulukira m'mbali amanjenjemera mofatsa, kafungo ka oyilo wotentha kakumveka. Anthu amasirira njingayo koma saganizira za makaniko amene amaisamala. Iyeyu amatchera khutu n'kudziwa vavu imene yamasuka. Amapotoza kasikuluu ka carburettor pang'onopang'ono, zala zili bii, mpaka mbali zonse ziwiri zilire mogwirizana, popanda kompyuta.

N'chifukwa chake njinga yosamalidwa chonchi sisowa woigula pamtengo wabwino. Wogulayo amadziwa kuti imufikitsa kutali atakhala mwawofuwofu, ndipo ikavuta panjira, nthawi zambiri sipanala ndi luso zimakwanira. Amisiri oterewa atatha, njinga zolimbazi zingachite dzimbiri m'magalaja, ndipo maulendo ataliatali angatsalire okhawo otha kugula zatsopano.