Liu Lakuti "Kaffir": Muzu Wake ndi Ululu Wake

Alipo ena amene amanena kuti liu la Cingelezi lakuti "kaffir" si citonzo kwenikweni, popeza muzu wake, "kafir" wa m'Ciarabu, umangotanthauza munthu wosakhulupirira. Ife tikutsutsa ganizo limeneli. Nzoona kuti Apwitikizi analitola liuli kwa amalonda Acisilamu a kugombe la kum'mawa kwa Afirika, ndipo pambuyo pake linalowa m'Cidachi ndi m'Cingelezi. Koma pamene Angelezi anacha cigawo ca dziko la Axhosa "British Kaffraria" mu 1847, liuli linali litaleka kale kunena za cipembedzo. Linkaloza mtundu ndi khungu. Makolo athu amene anakumba m'migodi ya ku Joni ankalamulidwa m'Cifanakalo, cimene azungu ankaciti "Kitchen Kaffir".

Tanthauzo la liu silikhala m'muzu mokha. Limapsa m'kamwa mwa wolinena. Taonani "munt", citonzo ca azungu a ku Rhodesia: cinacokera ku "umuntu", mbale wake wa "munthu" wathuyu. Ncifukwa cake tikuvomereza ciweruzo ca khoti la ku Randburg, limene mu 2018 linagamula ndende kwa mai wacizungu amene anatukwana apolisi ndi liuli.