Ng'oma ya Akanema Ovala Zakuda

Wang'oma, wamba mbalule pamoto kuti chikopa chikungike. Gunda ayankhe chapansipansi ngati mafunde a mwera pamchenga wa ku Sani. Dzuwa lalowa kuseri kwa phiri la Chipata, mwezi sunatuluke, ndipo kutali panyanja nyali za asiginala zandandalika ngati mudzi woyandama. Ino ndiyo nthawi yotamanda eni mdima.

Gu! Gu-gu! Gu!

Ndikutamandani inu akanema akale a ku Hollywood, inu Akhwangwala, Ovala-chakuda-ndi-choyera. Inu Obadwa-opanda-dzina, amene kwanu ku America ankangokutchani nthano za zigawenga, mpaka mu 1946, nkhondo itatha, Nino Frank anakuonani ku Paris nakutchani film noir, kanema wakuda. Dzina munalandira kwa mlendo. Ndikutamandani Adzukulu-a-othawa-nkhondo, pakuti a Fritz Lang, a Billy Wilder ndi a Robert Siodmak pothawa Hitler anasiya nyumba ndi abale, koma zithunzithunzi za ku Berlin anazimanga m'phukusi nawoloka nazo nyanja yamchere.

Ife a ku Linga, ku Nkhotakota, sitivutika kukumvani. Ife ndife ana a kauni. Timadziwa kuti usipa sugwidwa mwezi ukuwala. Umafuna mdima wa ndiweyani ndi nyali pakabwato kamodzi. Siginala ayatsa, usipa usonkhana kuti uone kukongola, alovi azinga ndi chilimira mwakachetechete. Luso lanu ndi lomwelo. Muyatsa nyali imodzi pakona pa msewu wonyowa, mwamuna wa chipewa chopendama aitsata, ndipo ife oonera tikuona ukonde umene iye sakuuona.

Gu-gu! Gu-gu! Nde!

Imirirani a Humphrey Bogart, Nkhope-ya-mlamba, Oseka-ndi-mbali-imodzi, Kadzidzi wa ku San Francisco wosagona anthu atagona. Mu 1941 a John Huston anakuvekani dzina la Sam Spade nakutumani kusaka chifanizo cha kabawi mu The Maltese Falcon. Anthu anaphana, ananamizana, anagulitsana chifukwa cha mbalame yosauluka. Atachipala ndi mpeni kuti aone golide ndi miyala ya mtengo wapatali, anapeza mtovu wachabechabe. Ife okhala pansi pa mikuyu, pomwe Jumbe anakumana ndi David Livingstone, tinangogwedeza mutu: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikutamandaninso Wopalasa-chombo-chakutha, pakuti mu 1951, chaka chomwe Ilala yathu inayamba kulima nyanja ino, inu munali pamtsinje ndi mai Katharine Hepburn mu The African Queen, yojambulidwa ku Congo ndi ku Uganda, ndipo mphotho ya Oscar munailandira kamodzi kokhako.

Imirirani mai Barbara Stanwyck, Chigwinjiri-cha-pakakolo, Otsika-masitepe-mwachifatse, Nyambo-yobisa-mbedza. Mu Double Indemnity ya 1944 munaitana wogulitsa inshuwalansi, a Fred MacMurray, namunong'oneza za imfa ya mwamuna wanu, iye nakuuzani kuti mwamunayo akafa pangozi ya sitima yapamtunda malipiro ake adzakhala owirikiza. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma ng'oma ilire mofatsa pano, pakuti pali kanthu kakang'ono koposa mfuti. Kanema yense, mnyamatayo ndiye amayatsira machesi mnzake wa kuntchito, a Edward G. Robinson, amene sayenda ndi moto m'thumba. Pothera, mnyamata wagwa pakhomo la ofesi, chipolopolo chili m'thupi, zala zakanika kukhwatcha, ndipo mnzakeyo amene wamva kuulula kwake ndiye agwada namuyatsira fodya. Amene anaika mnzake m'manda amvetsa.

Nde... nde... gu.

Imirirani a Robert Mitchum, Zikope-zolemera, Ng'ona-yowothera-dzuwa, Oyenda-ngati-sakufuna. Mu Out of the Past ya 1947 munasintha dzina, munabisala m'katauni ka Bridgeport mukugulitsa mafuta a galimoto ndi kuwedza nsomba ngati munthu wosalakwa. Wodutsa m'njira anakuzindikirani, zakale zinabwera ndi nsapato zake. Mlandu suola, mbuyanga, mlandu suola.

Imirirani mai Gene Tierney, Chithunzi-cha-pakhoma, amene mu Laura wapolisi wofufuza imfa yanu anakukondani musanalankhule naye, kenako munatsegula chitseko muli wamoyo. Imirirani mai Rita Hayworth, Tsitsi-logwa-ngati-mathithi, amene mu Gilda munavula golovesi holo yonse n'kuiwala kupuma. Imirirani mai Lauren Bacall, Mawu-a-gunda, Oyang'ana-chapansi-ngati-nyalugwe. Imirirani mai Gloria Swanson, Mfumukazi-yokana-kukalamba ya mu Sunset Boulevard ya 1950, momwe nthano yonse aikamba ndi mtembo woyandama chafufumimba m'dziwe losambiramo. Ife amene nyanja inatibwezerapo abale athu ali chete, timadabwa ndi kulimba mtima kwa wopatsa womira pakamwa.

Ndipo tambasulani mphasa, adutse mai Ida Lupino, Mkazi-wogwira-nkhafi, amene mu 1953 anaima kuseri kwa kamera nalamula amuna mu The Hitch-Hiker. Adutse a Orson Welles, Mvuu-ya-pamalire, amene mu Touch of Evil ya 1958 anabisa bomba m'galimoto natiyendetsa nayo mphindi zitatu zathunthu, kamera osaphethira, mitima ili m'malere.

Gu-gu-gu-gu! Gu!

Ndikutamandani Okula-ndi-lumo. Kuyambira 1934 malamulo a Hays anakumangani: wochimwa asapindule, kupsompsonana kusatalike, za kuchipinda zisaoneke. Pamenepo munaphunzira mikuluwiko. Munalankhula ndi utsi wa fodya wokwera ngati nkhungu panyanja, ndi mizere ya kuwala yolowera pazenera n'kugwa pankhope ngati zitsulo za ndende, ndi chitseko chotsekeka pang'onopang'ono. Amayi athu amachita chimodzimodzi pamtondo: dandaulo loletsedwa pabwalo amaliimba m'nyimbo yosinjira, ndipo wolakwayo amamva ali kuseri kwa nkhokwe. Ifenso lumo timalidziwa. Lamulo la 1968 linaika bungwe lodula akanema, ndipo oonera ku Apollo mu Blantyre ankaona mwamuna akuyandikira mkazi, mwadzidzidzi kwacha, onse ali pa tiyi.

Njira yanu yofikira kuno inali yaminga. Kuyambira 1948 a Central African Film Unit ankapangira midzi ya Nyasaland akanema ophunzitsa kulima ndi kumvera boma, ndipo agogo ankasonkhana pabwalo kudikira galimoto ya bayisikopo. Wailesi yakanema ya dziko lino inabwera mochedwa, mu 1999. Tizinyumba ta vidiyo ta pamsika, ta jenereta yolira ndi chinsalu pakhomo, tinadzaza ndi Rambo, Jackie Chan ndi akanema a ku Nigeria, anyamata omasulira akuwalankhulitsa Chichewa. Inu munatsalira m'mbuyo ngati nkhalamba paulendo. Ana amati, kanema wopanda makaka ndiye kuti TV yafa. Akhululukireni, sanamuone Stanwyck akutsika masitepe.

Tsopano mbalule achepetse liwu, pakuti wotamanda weniweni amadzudzulanso mfumu.

Inu a ku Hollywood, nkhope zonga zathu munaziika kuti? Munazipatsa tsache, thireyi ndi katundu wa pamutu. Mu Casablanca ya 1942, nkhani ya pa nthaka ya Africa yojambulidwa ku California, a Dooley Wilson anakhala papiyano kutonthoza chikondi cha ena, chawo osafunsidwa. Mu akanema a Tarzan tinali amtengatenga ogwa m'phompho, wina osatilira. Tikuwatamanda tsono amene anakankha chitseko: a Sidney Poitier, Dokotala-wosagwada wa mu No Way Out ya 1950, ndi a Harry Belafonte, Mwini-bwato-lake, amene mu 1959 anapanga Odds Against Tomorrow, momwe chiwembu chobera banki chinaphwasuka chifukwa mzungu anakana kukhulupirira mnzake wakuda, ndipo moto utawapsereza onse awiri, panalibe wotha kusiyanitsa mitembo yawo.

Gu. Gu. Gu.

Wang'oma, kunga komaliza, kum'mawa kwayamba kufiira cha ku Mozambique. A Shemu Joyah anationetsa nyanja yathu mu The Last Fishing Boat ya 2012, ku Mangochi. Koma usiku wa ku Nkhotakota ukudikirabe mwini kamera. Zonse zilipo kale: mlovi wokongola ndalama kwa mwini boti, mayi wogula usipa wodziwa zinsinsi za dooko lonse, mlendo wotsika basi ya usiku pa M5 ndi dzina lobwereka, mudzi umene unaona akapolo akukwezedwa m'zombo za Jumbe n'kuphunzira kusunga pakamwa. Nyali ilipo, mdima ulipo wokwanira.

Inu Akhwangwala, Ovala-chakuda-ndi-choyera, landirani ufa wathu pansi pa mkuyu. Mabwato akubwerera, asiginala azimitsa nyali imodziimodzi, ndipo usipa umene unatsata kuwala wayalidwa pathandala, ukung'anima.

Nde. Gu!