Timabuku Toitanira Alendo ku Luangwa

Pali mtundu wina wa zolemba umene sulowa m'sukulu, koma uwerengedwa kwambiri ku maiko akutali. Ndiwo timabuku tokongola timene eni misasa ya alendo m'cigwa ca Luangwa asindikiza, pofuna kukopa anthu acuma kuti adzaone nyama za m'nkhalango ya South Luangwa National Park. Zolembazi ziyenera kuyesedwa monga buku lina lililonse: kodi zinena zoona, ndipo kodi zinena zonse?

Pa nkhani ya nyama, alembi ace sanama. Nkhalangoyi, imene boma linayamba kuisunga mu 1938 ndi kuikweza kukhala National Park mu 1972, kukula kwace kuposa makilomita 9,000 m'litali ndi m'lifupi mocurukitsa. Mtsinje wa Luangwa uli wodzala ndi mvuu ndi ng'ona, ndipo nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft sizipezeka kwina kulikonse koma m'cigwaci. Mlendo adzuka mbandakuca, nayenda pansi pambuyo pa mlonda wonyamula mfuti, naphunzira kusiyanitsa mapazi a mkango ndi a fisi. Usiku akwera galimoto ya nyali yowala kukafuna kambuku. Ngakhale zithunzi za njobvu zopyola pakati pa nyumba yolandiriramo alendo ku Mfuwe Lodge, popita kukadya zipatso za mtondo, ziri zoona ndithu. Pofotokoza zinthu izi alembi aonetsa luso, ndipo ayenera kuyamikidwa.

Colakwa cao cacikuru ciri pa zimene asiya. Cigwa acionetsa ngati chire lopanda mwini, kumene phazi la munthu silinapondeko. Komatu Malambo ndi kwao kwa Akunda ndi Abisa, ndipo David Livingstone pooloka Luangwa mu 1866 anapeza midzi iripo kale. M'zithunzi zambiri munthu wa m'cigwa aoneka atanyamula mbale kapena ali kuyala kama, osachulidwa dzina. Njobvu yomwe mlendo aijambula masana ndiyo ioloka mtsinje usiku kukatha cimanga ca mlimi, koma za njala ya banja limenelo palibe mau. Za cipembere, cimene opha nyama mozemba anacitha m'cigwamo m'zaka za m'ma 1980, anena pang'ono cabe, pakuti nkhani yacisoni sigulitsa malo ogona.

Cina cosowa ndico ciwerengero ca ndalama. Pa misasa yapamwamba, kugona usiku umodzi kuposa malipiro a mwezi wathunthu a mphunzitsi. Timabukuti tichula masukulu ndi zitsime zimene misasa yathandiza, ndipo nchito imeneyo ndi yabwino. Koma wowerenga sauzidwa kuti pa ndalama za mlendo ndi zingati zitsala m'mudzi, ndi zingati zibwerera kunja. Mphatso ndi cinthu cina, gawo la mwini dziko ndi cinanso.

Cosowaci cioneka poyera munthu akakumbukira ciyambi ca nchitoyi. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule dziko lina losungiramo nyama, ndi kuti ndalama za alendo zidzipita kwa anthu ace. Alembi akonda kuchula Carr, amene anamwalira mu 1997, monga tate wa maulendo apansi. Koma mfumu imene inapereka dzikolo aichula mongodutsa. Pangano la anthu awiri lasanduka mbiri ya munthu mmodzi.

Akuru anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Timabukuti tinalembedwera mlendo wa masiku anai kapena asanu, cotero sitingathe kusenza mbiri yonse ya cigwa. Lero ambiri a otsogolera alendo ndi ana a komweko, amene apambana mayeso obvuta a nchito yao, ndipo adziwa maina a mitengo ndi mbalame m'zinenero ziwiri kapena zitatu. Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu amene afuna nchito imeneyi acite bwino kuwerenga timabukuti mosamala, kutolamo zoona zace, ndi kuzindikira pamene paperewera. Mbali yotsalayo, ya munda wodyedwa, ya mfumu ndi ya ndalama, iyenera kulembedwa ndi eni cigwa, m'cinenero cimene makolo ao angamve.