Chimbuuzi cha Nthano: The Hobbit ndi Zithunzi 48 pa Sekondi

Chimene wopenyerera amachiona ngati kuyenda kwa munthu m'filimu ndi mndandanda wa zithunzi zongoima, zimene zimasinthana mofulumira kotero kuti ubongo umazilumikiza n'kuona ngati mkono ukukwezedwa kapena hatchi ikuthamanga. Kuchuluka kwa zithunzi zimene zimadutsa pa sekondi imodzi ndiwo muyezo woyamba pa luso lonse lojambula mafilimu, ndipo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 muyezowu wakhala 24. Pamene Peter Jackson wa ku New Zealand adalengeza pa Facebook mu Epulo 2011 kuti filimu ya The Hobbit, yochokera m'buku limene J. R. R. Tolkien adatulutsa mu 1937, akuijambula pa zithunzi 48 pa sekondi, adakhudza chinthu chimene opanga mafilimu ambiri adali atasiya kuchiganizira, ndipo mkangano umene udabuka udaonetsa kuti filimu ya nthano, ndiye kuti ya dziko longopeka lokhala ndi amatsenga ndi zinjoka, imadalira kwambiri zinthu zimene diso silipatsidwa mpata wozionetsetsa.

Nambala ya 24 sidasankhidwe chifukwa cha kukongola. M'nthawi ya mafilimu opanda mawu, wojambula ankapukusa kamera ndi dzanja, ndipo liwiro linkasinthasintha kuchokera pa zithunzi pafupifupi 16 kupita m'mwamba, pomwenso eni nyumba zoonetsera mafilimu ankathamangitsa makina awo kuti aonetse kangapo pa tsiku. Mawu atalowa m'mafilimu, monga m'filimu ya The Jazz Singer ya 1927, padafunika liwiro limodzi losasintha, popeza mawu akathamanga kapena kuchedwa pang'ono khutu limazindikira msanga kuposa diso. Akatswiri adagwirizana pa zithunzi 24, zimene pa tepi ya mamilimita 35 zimadya pafupifupi mamita 27 pa mphindi, chifukwa liwiroli linkakwanira kutulutsa mawu omveka popanda kuwononga tepi yambiri, imene idali yokwera mtengo. Ngakhale choncho, zithunzi 24 n'zochepa kwambiri moti kuwala kukanamaphethira, n'chifukwa chake makina oonetsera ankawalitsa chithunzi chilichonse kawiri chisanachoke.

Kuchepa kwa zithunziku kumabala zinthu ziwiri zimene wopenyerera adazizolowera mpaka kusiya kuziona. Choyamba ndi chimbuuzi cha kuyenda: kamera ili ndi kachitseko kotchedwa shutter kamene kamalola kuwala kulowa kwa kanthawi kochepa pa chithunzi chilichonse, ndipo mwa chizolowezi kamatseguka theka la nthawi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 48 a sekondi, nthawi yokwanira kuti lupanga lozunguzidwa lisiye mkwasa wosaoneka bwino m'malo mooneka lakuthwa. Chachiwiri ndi kudumphadumpha kwa chithunzi pamene kamera ikutembenuka mofulumira, chifukwa mtengo kapena chipilala chimakhala chasuntha mtunda wautali pakati pa chithunzi china ndi chinzake. Ojambula akhala akusewera ndi zinthu ziwirizi ngati zida za luso lawo, monga momwe Janusz Kamiński adafupikitsira nthawi yotsegukira kachitsekoko pojambula nkhondo ya pagombe m'filimu ya Saving Private Ryan ya 1998, kuti dothi lowuluka lioneke kambewu kamodzikamodzi ndipo wopenyerera asapeze popumira.

Mfundo ya Jackson idali yomveka ndithu. The Hobbit inkajambulidwa mwa njira ya 3D, imene imapatsa diso lililonse chithunzi chakechake kuti zinthu zioneke zakuya ngati zenizeni, ndipo m'njira imeneyi chimbuuzi ndi kudumphadumpha zimavutitsa kwambiri, popeza maso awiri amayesetsa kugwirizanitsa m'mphepete mwa zinthu zimene sizikuoneka bwino, mapeto ake ena amamva mutu. Kuchulukitsa zithunzi kawiri kumachepetsa vutoli, ndipo mtengo wa tepi umene udalepheretsa ena m'mbuyomu sunalinso nkhani, chifukwa makamera a Red Epic amene wojambula filimuyo, Andrew Lesnie, ankagwiritsa ntchito amasunga zithunzi mwa njira ya kompyuta. Ena adayesapo kale: filimu ya Oklahoma! ya 1955 idajambulidwa pa zithunzi 30 mwa njira ya Todd-AO, ndipo Douglas Trumbull adakonza njira ya Showscan ya zithunzi 60, imene idakathera m'malo a zisangalalo osalowa m'mafilimu akuluakulu.

Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti chidwi cha anthu pa filimuyi chidakoledwa ndi zithunzi za muyezo wakale. Kafilimu kakafupi kotsatsa filimu imene ikubwera, kamene pamsika wa mafilimu amakatcha trailer, kadatuluka mu Disembala 2011, kutatsala chaka chathunthu kuti filimuyo ioneke, ndipo anthu adakaonera pa intaneti ndi m'nyumba za mafilimu pa zithunzi 24. Sizikanatheka mwanjira ina, poti makina ambiri oonetsera adali asanakonzedwe kuti alandire liwiro latsopanolo, ndipo YouTube idayamba kuonetsa makanema a zithunzi 48 ndi 60 pa sekondi mu 2014. Jackson adali atakonzeratu zimenezi: adatsegula kachitseko ka kamera kwa magawo atatu mwa anayi a nthawi ya chithunzi chilichonse, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 64 a sekondi, kuti akadzachotsa chithunzi chimodzi pa ziwiri zilizonse, zotsalazo zidzakhalebe ndi chimbuuzi chokwanira kuoneka ngati filimu wamba.

Kafilimu kotsatsako kadali kaluso, ndipo luso lake lonse lidali la kumana. Kadayamba ndi Bilbo, mwininkhani wa filimuyi, ali wokalamba akuuza wachibale wake Frodo kuti pali zina zimene sadamuuze, kenaka Gandalf, nkhalamba yamatsenga imene Ian McKellen amasewera, n'kutchula mayina a amuna afupiafupi andevu 13 amene Bilbo adzayenda nawo, mmodzimmodzi. Pakati pake phokoso lidazima, amunawo n'kuyamba kuimba motsitsa mawu m'nyumba ya Bilbo, nkhope zawo zikuwalitsidwa ndi moto wa m'nyumbamo mbali imodzi yokha, mbali inayo ili mumdima, ndipo zithunzi za mapiri ndi mabwinja zinkangodutsa pamwamba pa nyimboyo osakhalitsa. Chinjoka Smaug, chimene ulendo wonse ukulunjika, sichidaonetsedwe n'komwe, ndipo cholengedwa chotchedwa Gollum chidangotulukira kumapeto m'phanga lamdima. Amene adakonda mafilimu atatu a The Lord of the Rings a 2001 mpaka 2003 adaona dziko lomwe lija limene adalisiya, ndipo kwa miyezi ingapo adadzaza okha mipata yotsalayo ndi maganizo awo. Motero kafilimuko kadalonjeza mdima, utsi ndi zobisika, pomwe njira yatsopano yojambulira inkalonjeza kuti palibe chimene chidzabisike.

Kusemphanaku kudaonekera mu Epulo 2012 pa msonkhano wa eni nyumba za mafilimu wa CinemaCon ku Las Vegas, kumene adaonetsa mphindi 10 za filimuyo pa zithunzi 48. Ambiri mwa amene adaonera adayamikira zithunzi za mapiri zojambulidwa kuchokera m'mwamba, koma adadandaula kuti zochitika za anthu zinkaoneka ngati sewero la pa wailesi ya kanema kapena kanema woonetsa mmene filimu ikujambulidwira. Opanga filimuyo adayankha kuti zithunzizo zidali zisanamalizidwe, komabe pa msonkhano wa Comic-Con ku San Diego mu Julayi chaka chomwecho adasankha kuonetsa pa zithunzi 24. Filimuyo itatuluka mu Disembala 2012, ndi nyumba zochepa zokha zimene zidaonetsa pa liwiro latsopanolo, kotero ndalama zoposa biliyoni imodzi ya madola zimene idapeza sizinganenedwe kuti ndi umboni wakuti anthu adalandira njirayo.

Kufanana ndi wailesi ya kanema kuli ndi chifukwa chake. Makanema a pa TV akhala akusintha chithunzi nthawi 50 pa sekondi m'mayiko a ku Ulaya ndi ambiri a mu Africa, ndi nthawi 60 ku America, mogwirizana ndi kayendedwe ka magetsi a kumeneko, ndipo pa muyezo umenewu ndi pamene anthu akhala akuonera nkhani, mpira ndi masewero otsika mtengo. Diso lidaphunzira kuti kuyenda kosalala kumatanthauza chinthu chimene chikuchitika tsopano lino pamalo enieni, pomwe kuyenda kwa chimbuuzi kumatanthauza nkhani yofotokozedwa. Ochirikiza zithunzi zambiri amati chimenechi ndi chizolowezi chabe, ndipo achinyamata okulira pa masewera a pakompyuta, amene amathamanga pa zithunzi 60 kapena kuposerapo, sadzachimva. Mfundoyi ili ndi choona chake, koma ikuphonya mbali yaikulu, pakuti chizolowezicho sichili m'maso a wopenyerera okha, chilinso m'manja mwa aliyense amene amagwira ntchito yopanga filimu.

Wosoka zovala, womata ndevu ndi mphuno zoikirira, wopaka utoto makoma, woyatsa magetsi ndi wosewera yemwe, onsewa adaphunzira ntchito yawo podziwa kuchuluka kwa zimene kamera ya zithunzi 24 imameza. Wopanga zida amadziwa kuti nkhwangwa yopepuka ikazunguzidwa idzaoneka yolemera chifukwa chimbuuzi chidzabisa kupepuka kwake, ndipo wosewera amadziwa kuti akakokomeza pang'ono kutembenuka kwa mutu, kamera idzafewetsa. Pa zithunzi 48 kufewetsaku kumachepa, ndipo m'chigawo chimene amuna andevu aja akuponyerana mbale m'nyumba ya Bilbo, wopenyerera amatha kutsatira mbale iliyonse, komanso amayamba kuona kuti ndevu zina n'zomata ndiponso kuti kuwala kukuchokera ku magetsi osati ku makandulo. Ena adanenanso kuti m'mphindi zoyambirira, Bilbo wokalamba akuyendayenda m'nyumba mwake, ankaoneka ngati akuthamangitsidwa ndi makina ngakhale liwiro lake lidali lenileni. Palibe chimene chidalakwika pa ntchito ya amisiri a Weta Workshop ku Wellington, amene luso lawo n'lodziwika. Iwo adapanga zinthu zoyenera mtunda umene filimu yakhala ikuika pakati pa chinthu ndi diso, ndipo mtundawo ndi umene udafupikitsidwa. Akuluakulu ankadziwa chifukwa chake nthano sakamba masana, dzuwa likuonetsa khasu, mbuzi ndi zonse za pakhomo.

Chodabwitsa n'chakuti zigawo zimene zidapindula kwambiri ndi zija zimene mulibe chomata chilichonse. M'phanga momwe Bilbo, amene Martin Freeman amasewera, akupikisana ndi Gollum pa zilape, cholengedwa chojambulidwa ndi kompyuta kuchokera pa kaseweredwe ka Andy Serkis chimaoneka chamoyo kuposa kale: kunjenjemera kwa milomo, kukula ndi kuchepa kwa mboni za maso pamene maganizo ake awiri akulimbana, zonse zimafika kwa wopenyerera bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti Gollum adapangidwa chithunzi ndi chithunzi pa muyezo womwewo umene adaonetsedwera, ndipo phangalo ndi lamdima, lokhala ndi anthu awiri okha ndi madzi. Zimenezi zikusonyeza kuti vuto silidali nambala ya 48 payokha, koma kusakaniza luso lobadwira pa muyezo wina ndi kamera ya muyezo wina. Jackson mwiniyo adaoneka kuti wamva, popeza m'filimu yachiwiri ya nkhani yomweyi, The Desolation of Smaug ya 2013, adafewetsa chithunzi ndi kusintha kakonzedwe ka mitundu kuti kuwala kwa kanema wa pa TV kuchepe, ngakhale liwiro adalisiya momwemo.

Amene adabwera pambuyo adagawanika. Ang Lee adakwera mpaka zithunzi 120 pa sekondi m'mafilimu a Billy Lynn's Long Halftime Walk ya 2016 ndi Gemini Man ya 2019, ndipo pa yoyambayo adachepetseratu zodzoladzola za osewera pozindikira kuti kamera yotere siilekerera chopaka chilichonse, komabe mafilimu onse awiri sadayende bwino pamsika. Mbali inayo, Tom Cruise ndi Christopher McQuarrie adatulutsa kanema mu 2018 wopempha anthu kuti azizimitsa mbali ya ma TV amakono imene imapeka zithunzi zowonjezera pakati pa zenizeni, chifukwa imachititsa filimu iliyonse kuoneka ngati sewero la pa wailesi ya kanema.

Njira imene ikuoneka yanzeru kuposa zonsezi ndi ya James Cameron mu Avatar: The Way of Water ya 2022, amene adasiya kuona liwiro ngati lamulo la filimu yonse n'kuliona ngati chosankha cha chigawo chilichonse, monga mmene wojambula amasankhira galasi la kamera. Makina oonetsera ankathamanga pa zithunzi 48 nthawi yonse, koma m'zigawo zambiri za kucheza chithunzi chilichonse chinkabwerezedwa kawiri kuti chioneke ngati cha 24, ndipo liwiro lonse linkamasulidwa pansi pa madzi ndi pouluka, pamene kusalala kumathandiza thupi la wopenyerera kukhulupirira kuti likuyandama. Nayonso njirayi ili ndi chilema chake, chifukwa m'zigawo za nkhondo, pamene liwiro likusintha pakati pa chithunzi cha mfuti ndi cha nkhope, diso limene langolawa kusalala limaona kudumphadumpha kwa 24 kumene kale silinkakuona, ndipo ena mwa oonera adadandaula kuti kusinthasinthako kunkawatulutsa m'nkhani mobwerezabwereza m'filimu ya maola oposa atatu.