Kutola si kuwombola

M'nyumba zoonetseramo zaluso ku Johannesburg, kaya ku Rosebank kaya ku Maboneng, mawu a Chingerezi akuti reclaim afika pokwana. Munthu akaunjika zitini zadzimbiri pakona, olemba ndemanga amathamangira kunena kuti wachita reclaim. Ine zimenezi zanditopetsa.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, reclamare, kutanthauza kufuula motsutsa. Atalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa m'zaka za m'ma 1300, alenje ankawanena poitana kabawi woweta kuti abwerere padzanja. Kenako anayamba kutanthauza kubweza munthu wosochera, ndiponso kuumitsa dambo kuti lisanduke munda. Monsemo chinthu chimabwerera n'kuyambanso kugwira ntchito. Ife timati kuwombola. Kutola n'kwina, ngakhale mwana wokwawa amatola.

Wofuna kuona kuwombola kwenikweni aone zithunzi za Mbongeni Buthelezi, amene anaphunzira luso ku Funda, ku Soweto. Utoto utamukwerera mtengo, iye anatembenukira ku majumbo ndi mapulasitiki okutira katundu. Amawasankha potengera mtundu, amawadula, kenako amawafewetsa ndi chida chouzira mpweya wotentha mpaka amatirirane. Kufiira kwa malaya, mthunzi wa pansi pa chibwano, kuwala kwa pamphumi, zonse ndi pulasitiki. Ukaima patali umalumbira kuti ndi utoto wamafuta. Ukasendera pafupi umaona makwinya ndi zipsera za kutentha, ndipo umazindikira kuti dzanja likanachedwa pang'ono, chipumi chonse chikanabooka. Amenewo ndiye manja aluso! Kabawi wabwerera padzanja, ndipo akumvera mwini wake.

Omanga bwalo la milandu la Constitutional Court ku Johannesburg komweko, lomwe linatsegulidwa mu 2004, anachitanso chimodzimodzi. Njerwa za ndende imene munkasungidwa oyembekezera mlandu anazimangira khoma la khoti loteteza ufulu.

Koma awa omata nsapato yong'ambika pathabwa n'kulemba ndime zitatu zofotokozera, sindiwawerengera n'komwe. Ngati chithunzi chikudalira ndimezo kuti chimveke, ndiye kuti nsapatoyo ikadali chinyalala.

Anthu okoka matumba akuluakulu a mabotolo ndi makatoni m'misewu ya mzindawu mbandakucha amadzitcha ma reclaimer, ndipo dzinalo likuwayenera: chimene atola chimakasungunulidwa n'kupangidwanso. Waluso amene sangafike pa muyeso wawo awasiyire mawuwa eni ake.