Matamando a Makwasa ndi Nsato ya Chitsulo

Lira, ng'oma! Lira, mpanje wa kumapiri! Lira, mbalule, udzutse Thyolo yense! Akutali asendere, ogona avundukule zofunda, a pa ulendo amange akatundu. Lero titamanda mfumu yovala zobiriwira. Lero titamanda Makwasa.

Makwasa, mkango wogona pa zitunda. Makwasa, njovu yofunda nkhungu. Makwasa, mwana wa phiri la Thyolo, mnansi wa Sapitwa, bwenzi la Mphambe mwini mvula. Makwasa wa katondo wofiira psu, wa minda yobiriwira biriwiri, wa mame oyera mbee. Makwasa wosamba chiperoni pamene ena akutsokomola fumbi. Makwasa wosadziwa chilimwe, wosauma kukhosi, wosavula mkanjo wake chaka chonse. Wawa, mwini zitunda! Wawa, mwini mitsinje yosaphwa!

Ndipo iwe sitima, bwera tikutchule maina ako. Iwe nsato ya chitsulo. Iwe bongololo wa miyendo yosawerengeka. Iwe bingu loyenda chokwawa. Iwe mkango wobangula pa mlatho, mapiri n'kumayankha. Unabadwira kuchigwa chotentha, ku Nsanje kumene azungu ankati Port Herald. Unaoloka Shire pa Chiromo. Unatsata Ruo, unatsata Thuchila, unakwera mtunda ukufwenthera utsi, unalowa mu Blantyre mu 1908 dziko lili kukamwa yasa. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana unagona chopingasa pa Zambezi, ndipo iwe unasenza tiyi wa kumapiri mpaka ku Beira, kunyanja ya mchere. Napolo anakuchitira nsanje. Anakuthyola msana pa Chiromo mu 1997. Anakugugudanso ku Makhanga mu 2015. Koma njanji ndi mtsempha wa dziko, chitsulo sichiola, nsato siiwala njira yake. Ndiwe wosamira. Ndiwe wosagonja. Ndiwe wodzuka zipsera zili thupi lonse.

Konzekani, apaulendo! Konzekani, ana a m'tauni amene mumamwa tiyi osadziwa kwawo kwa tsamba! Konzani kamba: chinangwa chophika, mbatata yootcha, mtedza wokazinga. Konzani juzi ndi chikhoti, pakuti chiperoni saodira. Konzani maso, pakuti adzadya mpaka kukhuta. Sitima ikalira pa Limbe isakupezeni mukufunafuna nsapato. Lawirani tambala asanatsike. Khalani pa zenera. Yang'anani kummwera, kumene dziko limavala ufumu.

Tamandani Luchenza, chipata cha tiyi, khomo limene masamba a Thyolo ndi a Mulanje ankatulukira. Tamandani Mulanje akamatulukira kuvuma, gogo wa mapiri, wa mutu wobisala m'mitambo. Tamandani Khonjeni, bwalo la amalonda ofuula pa mazenera a mabogi. Tamandani Sandama, kumene njanji ndiyo mayi, ndiyo msika, ndiyo nkhani ya tsiku. Tamandani Ruo, malire oyenda, mpeni wa madzi wogawa Malawi ndi Mozambique, mtsinje waukali wosalamulidwa. Tamandani mathithi a Zoa, ng'oma ya Namalenga yosafuna woimba, thovu loyera losaleka kuvina. Tamandani Thekerani, nkhokwe ya nthochi, phewa la phiri loyang'ana kuchigwa.

Koma Makwasa satsikira ku njanji. Mfumu siyenda kukachingamira mlendo pa siteshoni. Mfumu ikhala pa mpando wake, mlendo ndiye akwera. Tsikani sitima, gwirani msewu wokhotakhota. Kwerani chitunda, kwerani chinzake, kwerani mpaka mpweya wozizira ukulonjereni pamphumi. Pamenepo ombani m'manja. Pamenepo gwadani. Mwafika kubwalo.

Onani nduna za mfumu zitakhala m'mizere yake! Onani Satemwa, wobadwa mu 1923 m'manja mwa Maclean Kay, wotsamira phiri la Thyolo. Onani Conforzi wa minda yotopetsa maso. Onani Naming'omba, onani Makandi, onani Nchima, onani Bandanga wa kalekale. Onani mabulugamu ataima chiriri, asilikali osaphethira, nkhuni za moto wa fakitale. Onani fakitale, mimba yosakhuta: ifotetsa tsamba, ilipera, ilisiya lifiire, iliumitsa, ilisefa, ilitsekera m'matumba. Onani matumba akulowera ku okushoni ya ku Limbe, akuoloka nyanja, akukafungatira London m'mawa wozizira, akukadzutsa Johannesburg. Tsamba la Thyolo, kazembe wosanyamula kalata! Tsamba la Thyolo, mlendo wolandiridwa pa thebulo la mafumu!

Imvani belu la Malamulo! Malamulo, nyumba ya Sabata. Malamulo, nyali yoyatsidwa ndi a Adventist mu 1902. Malamulo wa Thomas Branch, mwana wa Africa wobwera kuchokera ku America atanyamula Buku. Malamulo wokumbatira akhate pamene dziko linkawathawa. Malamulo wosula anamwino, wosula asing'anga a chipatala, wotumiza manja ochiza ku zigawo zonse. Chitsime cha pa phiri, amwamo odwala, amwamo ophunzira, sichiphwa.

Tsopano ng'oma ikwere, pakuti tafika pa mutu wa matamando. Ndani anagwetsa nkhalango? Ndani anasenza dothi la njanji pamutu? Ndani anapirira thangata mano ali gwa? Ndinu, Amang'anja, eni nthaka, eni mitsinje ndi maina ake. Ndinu, Alhomwe, amene munaoloka Ruo ana ali kumsana, khasu lili paphewa, tchopa ali m'miyendo. Ndinu, amayi a dengu kumbuyo, odzuka nthanda isanazime. Ndinu, abambo a chikwanje chodulira, osalaza munda ngati mphasa ya mfumu. Ndinu a zala zothamanga kuposa mpheta, othyola masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mvula ili pamsana, kuyambira Disembala mpaka Epulo osapumira. Ndinu oima pa sikelo kapitawo akuwerenga makilo, thukuta lanu losawerengeka. Sikelo iyeza tsamba, siyeza inu. Ndinu mikango yeniyeni. Ndinu mapiri oyenda ndi miyendo. Ndinu mitsinje imene dziko limamwa.

Sitima, ukamadutsa m'munsi mwa zitunda zimenezi, bangula katatu! Bangulira amoyo, bangulira ogona pansi pa katondo, bangulira ana amene adzathyole tiyi pa minda yawoyawo. Apaulendo, vulani zipewa! Amayi, tsegulani kukhosi, nthungululu ifike ku Chiromo, idumphe Ruo, igwedeze Sapitwa! Mfumu ndi anthu, ndipo anthu ake ndi awa. Aimirire othyola tiyi, dziko lonse liwaombere m'manja!